Tsiku Limene Foni Inandilankhulira

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu atamanga kanthu pakona ya chitenje. Kanali kakhadi ka m'foni, kochepa ngati chikhadabo. Aphunzitsi anali atawaonetsa kanema wa katemera wa HPV, kachirombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo anati makolo aonenso manesi asanabwere.

"Amayi, anzanga onse adzabayitsa. Ine bwanji?"

Kwathu kuno ku Vubwi nkhani ya mwana simalizidwa ndi mayi. Mwini mbumba ndi alongo anga aakulu, ogula soya ndi mtedza kumalire, ndipo ndiwo okha anali ndi foni yoonetsa kanema. Iwo anali atakana kale. Anamva pamsika kuti jakisoniyo amatseka mimba ya atsikana.

Ine ndinali ndi chifukwa changa, koma sindikanatha kuchitchula. Akulu athu anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Ndine ndinkachapa nsalu zawo. Alongo anga ndiwo ankawanyamula panjinga yamoto kupita kuchipatala ku Katete, koma ife akazi tinkangowauza kuti ndi msana. Zakumimba kwa mkazi suuza mlongo wako. Ngakhale pamaliro tinati msana.

Alongo angawo ndinawapeza masana akupima matumba pakhonde. Ndinakhala pansi chapatali, mwana pambali panga.

"Mwabwera awiri ngati mukukapempha mbeta," anatero akuseka. "Kwagwanji?"

Mwana ndiye anatambasula manja onse awiri, kupereka kakhadi kaja.

"Amalume, aphunzitsi ati muone."

"Za jakisoni uja? Ndinanena kale."

"Ingoonani," ndinatero, maso ali pansi. Sindikudziwa ngati anandimva, koma anatsegula foni kumbuyo n'kulowetsa kakhadiko.

Munalankhula mayi wovala za unesi, m'Chinyanja cha m'tauni. Sanazungulire. Anatchula chiberekero, anatchula kugonana, anati kachiromboko amuna nawonso amakanyamula osadziwa. Ndinafuna kuuza mwana kuti achoke, koma iye anali atamva kale zonsezi m'kalasi, ndipo anangokhala phee. Alongo anga anakweza chala kuti azimitse.

"Izi si zomvera pamodzi ine ndi iwe."

Chalacho chisanafike, mayi uja anayamba kutchula zizindikiro: kutaya magazi nthawi isanakwane, madzi onunkha, msana wosamva mankhwala, kuwonda. Chala chinaima m'malere. Kanema anapitirira mpaka pamene anati katemerayu amateteza atsikana asanakumane ndi kachiromboko, ndipo saletsa kubereka. Kenako foni inakhala chete.

Alongo anga anatembenukira kusikelo.

"Mpando wa njinga ndinkautsuka magazi tikabwera ku Katete," anatero motsitsa mawu. "Ndinkati mwina ndi chilonda. Iwe, malemu aja, unalidi msana?"

Ndikanatha kugwedeza mutu basi, n'kupita kwathu.

"Sunali msana," ndinatero. "Ndi matenda omwewa."

"Nonse munkadziwa?"

"Inde."

Anaimirira, n'kulowa m'nyumba ndi foni yawo. Tinadikira, koma sanatuluke. Mlamu wanga anasuzumira pakhomo n'kutiuza ndi dzanja kuti tizipita. M'njira mwana anandifunsa ngati amalume akwiya. Ndinati sindikudziwa, ndipo zinali zoona.

Mmawa wa tsiku la katemera ndinkasesa pabwalo, mwana atavala yunifolomu koma osadziwa ngati akapereke mkono. Njinga yamoto inaima kuseri kwa nkhokwe. Alongo anga sanatsike, sanandipatsenso moni. Kumbuyo kunali mwana wamkazi wa akulu athu aja, amene amakhala kwa iwo.

"Kwera," anauza mwana wanga. "Ugwire mnzako bwino, msewu ndi woipa."

Kakhadi sanabweze mpaka lero. Ine ndi iwo tinatha mwezi tisakuyang'anana kumaso.