Amayi a Injiniya

Bambo wa nyumba yoyandikana ndi yanga mumzinda uno wa Tema palibe amene amamutchula dzina. Tonse timangoti Injiniya. Mayi ake, omwe amagulitsa nsomba zowamba kumsika, amatchedwa Amayi a Injiniya chibwerereni mwana wawo ndi digiri kuchokera kuyunivesite ya ku Kumasi pa 14 Julayi 2001, ndipo dzinali amalinyadira kuposa nsalu zawo zonse.

Injiniyayo amasamalira makina kufakitale yogaya koko wopangira chokoleti. Amapita kuntchito atazyolika, koma akaweruka nkhope imawala, chifukwa amakaniko a m'mbali mwa msewu amamudikira pakhonde kuti awajambulire pansi mmene mpope umakokera madzi. Amakonda kunena kuti, "Makina ndimawachiritsa, koma sanandifunsepo funso."

Loweruka pa 9 Malichi 2019 anagwada pamaso pa mayi akewo, ine ndili pomwepo.

"Amayi, andilandira kusukulu ya uphunzitsi. Ndikufuna kusiya ntchito. Koma mukakana, kalatayi nding'amba."

"Ndi imvi zakozo ukakhale pabenchi? Nanga ine kumsika azikanditchula kuti ndani?"

"Amayi a Aphunzitsi."

"Amenewo alipo kale asanu ndi awiri, mwanawe, ndipo onse amagulitsa tomato."

Palibe anaseka. Mayiwo anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka m'khosi momwe kolala inkangolendewera.

"Zaka zonsezi ine ndimanenepa ndi dzinali, iwe ukuonda nalo," anatero motsitsa mawu. "Dzuka, kaphunzire. Langa lobadwa nalo sindinaliiwale."