Ndalandira Agogo Katundu ku Italy

Moni nonse. Lero ndayaluka.

Paja tabwera ku Italy ndi anzanga akuntchito a ku Blanchardstown, tili m'katauni ka m'mapiri. M'mawa tikukwera kukaona tchalitchi chakale, ndinaona agogo ena atakoleka chikwama chachikulu paphewa. Ndinathamanga kukawalandira ngati kwathu. Chitaliyana sindidziwa, ndiye ndinangogwira lamba n'kukoka.

Agogo kukuwa! Anthu anathamangirapo, bambo wina atakweza ndodo. Mwamwayi mnzanga Aoife amalankhulako Chitaliyana, anawafotokozera kuti sindine wakuba.

Atamvetsa, agogowo anandisisita patsaya ngati kamwana, n'kupitiriza ndi chikwama chawo. Anakafika pamwamba ine ndikadali wefuwefu pakati pa phiri.

Amayi, munatiphunzitsa kuti wamkulu asamavutike ndi katundu ife tikuona. Ndiye ndikanangowayang'ana?