Rimoti ya m'thumba la a Horace

A Horace Jeremiya, kalaliki wa pasukulu ina ku Domasi, anali ndi khalidwe lomwe mudzi wonse unkalidziwa: akamachoka pakhomo ankanyamula rimoti ya TV m'thumba. Ankati banja loonera mafilimu masana silikolola mpunga. Akazi awo, a Sellina, ankalawirira kudimba kusanache.

Tsiku lina rimotiyo inasowa. Bamboyo anasuntha mipando, anatembenuza matiresi, kenako mlandu anaukankhira kwa mayi. Zikanathera m'nyumba bwenzi zili bwino, koma mkuluyu pakamwa panalibe chitseko. Anakauza anthu kutchalitchi, kuchigayo, ngakhale mu minibasi, kuti akazi awo anaisesera kudzala pamodzi ndi mankhusu.

Loweruka anapita ku Zomba kukagula ina. Mumsika anakana zing'onozing'ono, nasankha yaitali yamabatani ambirimbiri, yomwe wogulitsa anati imamvana ndi TV iliyonse, dikoda ndi DVD yomwe.

"Mukagwire batani ili mpaka kagetsi kofiira kayake," anatero wogulitsayo. "Kenako muilozetse ku TV, muzidina pang'onopang'ono mpaka TV izime yokha. Ikazima, ndiye kuti zagwirizana."

A Horace sanaiyese tsiku lomwelo. Anaisunga m'pepala lake kudikira Lachitatu, poti mapemphero a mlaga wa mpingo wawo anali kwawo, ndipo ankafuna kuikhazikitsa anthu akuona, asanaike DVD ya kwaya ya amayi. Anavala jekete lakuda lomwe anali asanalikhudze chibwerereni kumaliro ku Naisi.

Mapemphero atatha anaimirira pakati pa alendo, nadina. Kagetsi kanayaka, TV osazima. Anadinanso, anasintha mabatire, anamenyetsa rimoti pachikhatho, koma TV inkangoonetsa nkhani zake ngati palibe munthu. Thukuta linayamba kutsika.

"Mavuto onsewa ndi a mayi awa," anatero akuloza a Sellina, omwe anakhala pamkeka pafupi ndi chitseko. "Akanakhala osamala, bwenzi tikuonera kale."

Anapisa dzanja m'thumba la m'kati kufuna mpango wopukutira nkhope. Mpango unatuluka, ndipo pamodzi nawo panatuluka rimoti yakale ija, yomangidwa ndi labala pamsana, n'kugwera pasimenti.

Aliyense m'nyumbamo ankaidziwa, poti nkhani yake anali ataimva kangapo. Mkulu wina wa mpingo anayamba kuyang'ana kudenga, amayi akufinya milomo.

A Sellina ananyamuka, anaitola, anaipukuta ndi chitenje, n'kugwada kuipereka kwa amuna awo ndi manja awiri. Akanawalalatira zikanapepuka. Ulemu umenewo unawawotcha a Horace mpaka m'makutu, ndipo manyazi anawagwira moti analakalaka pansi patatseguka. Kwaya inaimba, koma iwo sanamvepo ngakhale nyimbo imodzi.

Kupepesa ndi pakamwa kunawakanika a Horace. M'mawa mwake anaika marimoti onse awiri patebulo, poonekera bwino, kuti mayi amvetse okha, natenga njinga mwakachetechete. Asanafike pamsewu anamva mapazi kumbuyo. Anali a Sellina, khasu lili paphewa, marimoti ali m'manja.

"Mwaiwala izi, abambo," anatero. "Zingasowenso, ndine wosasamala ine."

Anaziika m'basiketi ya njingayo n'kukhotera njira ya kudimba.