Dzanja lanu pachitseko

Baba, lero ndimafufuta zithunzi zakale mufoni, ndiye ndapeza chija cha tsiku limene anatisamutsira ku Cateme kuti pamudzi pathu akumbepo malasha. Ndinkafuna kujambula inuyo, koma munapatuka. Munati, "Jambula nyumbayi, Rosa. Ine undionabe mawa." Munangogwira chitseko kuti mphepo isachitseke, moti pachithunzipo pakuoneka dzanja lanu lokha.

Kuyambira m'mawa mtima sukukhazikika. Ndikungokulitsa chithunzicho ndi zala ngati kuti nkhope yanu yabisala m'mbalimo. Mwana wanga, amene anabadwira kuno ku Zóbuè inu mutatisiya kale, wandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti. Ndamuonetsa nyumba imene pano ndi dzenje la mgodi, komanso dzanja lanulo. Ndinkakumverani pa zonse, Baba, koma tsiku lija ndikanakana.