Kansalu Kofiira pa Mtengo wa pa Chulu

Ine sindikhulupirira munthu msanga, ndipo sindibisa. Ndagulitsa manachesi m'mphepete mwa msewu pa boma la Mwanza zaka zambiri, ndipo ndaona zinthu. Ndinagulapo dengu loyalidwa masamba pansi kuti lioneke lodzaza. Ndinagulapo lina lokongola pamwamba, pakati zowola zokhazokha. Ndiye munthu akamandisekerera kwambiri, ine maso amakhala pa manja ake.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditatopa ndi kupikula dengu limodzilimodzi kwa mavenda. Anzathuwo amapita kumudzi mu Febuluwale, alimi ali pa njala, n'kulipiriratu zipatso zonse za mumtengo zikadali zaziwisi. Ikafika Juni amakathyola, n'kumatigulitsa ife modula mmene afunira. Ndinati asa, kodi iwowo ali ndi mitu iwiri? Ndinagulitsa mbuzi zanga zitatu, zonse zimene ndinali nazo, kuti ndipeze mpamba. Bambo a kunyumba anangoti, "Mbuzi mumaziona m'khola m'mawa uliwonse. Nanga zipatso zili ku Thambani muzidzaziona bwanji?" Mawuwo anandikhala pamtima.

Ndinakwera pikapu mpaka pa Thambani, kenako kabaza mpaka pamudzi wa bambo ena achikulire amene ndinamva kuti ali ndi mitengo yambiri kuseri kwa nyumba. Anali munthu wolankhula pang'onopang'ono, ndipo zimenezonso sizinandisangalatse. Ndinawauza kuti ndalama zanga ndi za mbuzi zimene ndagulitsa, ndipo tinagwirizana mitengo isanu ndi umodzi. Mwambo wake, wogula amaika chizindikiro pa mitengo yake kuti wina asaikhudze. Ndinang'amba chitenje changa chakale chofiira, n'kumanga kansalu pa mtengo uliwonse.

Unalipo umodzi umene unaima pambali pa chulu. Mayo ine, kubereka kwake! Nthambi zinkachita kukhudza pansi. Ndikumanga kansalu pamenepo, achikulire aja anati, "Umenewo sindikuukonda chaka chino, mayi. Bwanji mutenge uwu?" Analoza wina wa kumunsi, wooneka wamba. Mumtima ndinati ehe, zayambika, akuufuna okha. Ndinamanga mfundo ziwiri, n'kuwapatsa ndalama.

Kuchokera tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo. Ndikaona venda akutsitsa madengu pa boma, ndinkaganiza kuti ndi anga. Pikapu ya ku Thambani ikafika ndinkaisuzumira ngati wapolisi wa pa chipata. Kumapeto kwa Epulo ndinalephera kupirira, ndinanyamuka osauza munthu, kuti ndikawadzidzimutse.

Ndinalowera kuseri osaodira n'komwe. Mitengo isanu inali ndi tinsalu take. Wa pa chulu unalibe. Kansalu kanga kanali pa mtengo wa kumunsi uja, komangidwa bwinobwino ndi mfundo imodzi.

Ndinapsa mtima. Ndinakuwa kuti achikulire aja atuluke. Anabwera ndi khasu paphewa, akazi awo ali pambuyo, ndipo anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pa mpanda.

"Wasuntha kansalu kanga ndani?"

"Ndine, mayi. Ndimati ndikuuzeni mukabwera." Anathyola nachesi limodzi pa mtengo wa pa chulu n'kundionetsa timadontho takuda pa khungu. "Tizilombo talowa. Izi sizifika Juni, ziyoyoka. Mwaika mbuzi zanu pano, ndiye ndinati ndikusinthireni."

Timadontho! Ine amene ndagwira manachesi moyo wanga wonse, andipusitse ndi timadontho? Ndinawauza kuti ndikudziwa kuti alandira ndalama kwa venda wina. Ndinawauza kuti ukalamba wawo ndi wa tsitsi lokha. Kenako ndinanena mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero: ndinati ndi akuba, anthu onse aja akumva. Akazi awo anagwira pakamwa. Ine ndinamasula kansalu, n'kukabwezera pa chulu, mfundo zitatu.

Iwo sanakweze mawu. Anangoti, "Chabwino, mayi. Mtengo ndi wanu."

Ndinabwerera ku boma ndikudzitama kuti ndagwira wakuba dzanja lili m'thumba. Anzanga pa msewu ndinawafotokozera kangapo, ndikuwonjezera ndi mchere womwe.

Mu Juni ndinapita ndi madengu kukathyola. Fungo linandilandira ndisanafike pa chulu. Pansi ponse panali pachikasu, zipatso zoyoyoka, zophulika, ntchentche zili ng'waa. Mumtengo munatsala zowerengeka. Mukudziwa chimene ndinaganiza poyamba? Ndinati anaugwedeza dala kuti andikhaulitse. Ndimo mmene mutu wanga ulili. Ndinathyola limodzi la m'mwamba, limene palibe akanalikhudza, n'kulisenda. Mkati munali mphutsi. Ndinasenda lachiwiri, chimodzimodzi.

Mtengo wa kumunsi uja, umene ndinaukana, unali utadzaza, zipatso zonenepa zosalala. Ndipo pa mitengo yanga isanu ija, nthambi zolemera zinali zitachirikizidwa ndi mphanda kuti zisathyoke. Sindinawatume zimenezo, sindinawalipirenso. Anaimika mphandazo nditawatukwana kale, chifukwa mu Epulo panalibe.

Achikulire aja anandithandiza kukweza madengu, osatchula za chulu ngakhale kamodzi. Ine ndinafuna kupepesa. Mawu oti pepani anafika pakhosi, koma panali anthu, ndipo ndinati ndidzanena tsiku lina.

Mitengo isanu ija inandipatsa phindu limene sindinaligwirepo chiyambire. Ndinagula mbuzi ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatumiza madengu ku Blantyre pa minibasi. Bambo a kunyumba anasiya kundiseka. Ndinaona kuti njira yokulira ndi imeneyi, ndipo munthu woti ndizigula kwa iye ndamupeza, amene saba.

Febuluwale wotsatira ndinapita ndi ndalama za mitengo khumi ndi iwiri, ndi paketi ya shuga m'chikwama. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anafunsa za ana ndi za mvula ya ku boma. Shuga analandira ndi manja awiri. Nditatchula za manachesi anati, "Pepani mayi, mitengo yatha."

Ndinasuzumira kuseri. Mitengo yonse inali itadzaza ndi zipatso zaziwisi, ndipo panalibe chizindikiro pa mtengo ndi umodzi womwe.

"Koma bambo, sindikuona kansalu paliponse."

"Yatha, mayi."

Pamenepo ndi pamene ndinati pepani, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Anagwedeza mutu, anati zinatha kalekale zimenezo, ndisadandaule. Koma za mitengo sanasinthe. Zinandiwawa kuposa mtengo wa pa chulu uja.

Ndikutsanzika, akazi awo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kanthu m'manja. Tinali tinsalu tanga tofiira, tonse tisanu ndi kamodzi, tochapa, topinda bwino.

"Munaiwala izi," anatero. "Mwina mukazifuna kwina."