Khosi la Bornwell wa ku Mandevu

Bornwell anali kondakitala wa minibasi yoyenda pakati pa Mandevu ndi tauni. Anabadwira ku komboni ya George, makolo ake atasamuka ku Katete, ndipo chiyambire ubwana anali munthu wolota masana. Basi ikamathamanga ankasuzumira pawindo n'kumayang'ana madenga a malata akuyenderera ngati madzi. Koma ikangoima, mawu ake ankamveka mpaka kuseri kwa msika: "Tauni! Tauni! Malo yalipo, ba mami!"

Mkazi wake Marjory, wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, ndiye anaona vutolo. M'mawa wina Bornwell akumwa tiyi, mkaziyo anaika kapu yake pansi.

"Ba Bornwell, mezani futi. Ni chani ichi chikwela na kutsika pamukosi?"

Kanali kachotupa kolimba, kosapweteka. Bornwell anaseka, nati n'kukuwa kwambiri, koma Marjory sanaseke. Anamukakamiza mpaka anapita kukiliniki, ndipo kumeneko anawatumiza kuchipatala chachikulu.

Dokotala wake anali mayi wodekha dzina lake Kafula. Ataunika khosilo ndi makina, anati chotupacho chili pa chithokomiro, ndipo afunika kutengapo maselo ndi singano yowonda kuti adziwe chimene chilipo. Anamugoneka chagada, pilo ali pansi pa mapewa.

"Musameze, musakambe, mpaka nikuuzeni," anatero dokotalayo.

Bornwell sankakumbukira tsiku limene anakhalapo chete dzuwa lili pamutu. Anayang'ana kudenga koyera. Singano italowa anangomva ngati kulumidwa ndi nyerere, kenako maganizo anamutenga. Anadziona akuyandama pamwamba pa msewu wopanda galimoto, mphepo ikumupita pansi pa msana. Atabwerera, anapeza dokotala akupaka kadontho kofiirira pa tigalasi topyapyala.

Masabata odikira anali achilendo. Ankaitana okwera monga mwa masiku onse, koma mtima uli ku tigalasi tija. Ankaganiza kuti kachidutswa ka iye kagona kwinakwake m'chipinda chozizira, kamizidwa mu utoto, ndipo munthu wosamudziwa akukayang'anitsitsa kuposa mmene wina aliyense anamuyang'anirapo.

Tsiku lokamva zotsatira anapita ndi Marjory. Dokotala Kafula sanazungulire: inali khansa. Marjory anagwira bondo la mwamuna wake. Kenako dokotalayo anatembenuza kompyuta n'kuwaonetsa chithunzi cha maselowo.

Bornwell anaona timadontho tofiirira ndi tobiriwira titathithikana m'mbali mwa timizere topapatiza.

"Monga komboni, ukaiona uli pamwamba," ananong'ona. "Manyumba pambali pa njila."

"Ni vamene tiyang'ana," anayankha dokotala. "Khansa ya chithokomiro ili na mitundu. Iyi yanu, maselo yaunjikana monga tuminwe, na mukati mwake muoneka mbee. Ni mtundu wamene ukula pang'ono-pang'ono, ndipo kambili uchilitsika. Kuli wina wamene singano siingatiuze bwino, na wina waukali maningi. Wanu si umenewo."

Marjory analira pamenepo, osadziwa ngati akulira mantha kapena mpumulo. Bornwell maso anali adakali pachithunzipo. Ankafunafuna kanjira kotulukira m'kati mwa tinyumbato.

Anamuchita opaleshoni nyengo yozizira, n'kuchotsa chithokomiro chonse. Anachira bwino, koma mawu anabwerera aang'ono, osasa. Tsiku loyamba pasiteshoni anatsegula pakamwa kuti akuwe, ndipo panangotuluka mphepo. Anzake anayang'ana kumbali. Iye anakakhala pa tayala lakutha mpaka masana, akuonera ena akudzaza mabasi.

Moven, dalaivala amene anayenda naye zaka zambiri, anabwera kudzakhala pambali pake.

"Mwana, chiwongolelo sichifuna mawu. Bwela pa Sande nikuphunzitse."

Anaphunzirira pabwalo la mpira lafumbi ku Garden, basi ikudumphadumpha, Moven akugwira mutu. Laisensi anaipeza chaka chotsatira, atalephera kamodzi.

Lero Bornwell amayendetsa basi ya ku Chainda. M'mawa uliwonse amameza kapiritsi kolowa m'malo mwa chithokomiro, ndipo nthawi ndi nthawi amapita kukayezetsa magazi. Kolala ya shati amaimanga mpaka batani lomaliza, kubisa chipsera. Marjory akakaoda belo la salaula amakwera kutsogolo, pambali pake, ndipo amakangana za njira yachidule mpaka kufika.