Mayi Eveles ndi Nati Yokana Sipanala

Mayi Eveles Kamwendo a ku Senga Bay anabadwa pa 3 Juni 1968, ndipo amene anawadziwa ali mtsikana amati anayamba kugulitsa usipa asanavalepo nsapato. Poyamba ankasenza beseni n'kumayenda m'makomo. Kenako anagula njinga. Malonda atakula ankakweza madengu m'minibasi, n'kumakangana ndi makondakitala pa nkhani ya fungo. Ndi mayi wamtali, wathupi, wa mawu omveka kutsidya kwa msika. Akamuseka munthu, wosekedwayo amapezeka akuseka nawo.

Amuna awo, bambo Mose, ndi msodzi wa mbedza, munthu wochepa thupi, wochepanso mawu. Banja lawo lakhalitsa chifukwa anagawana ntchito kalekale: a Mose kuvuula nsomba, a Eveles kuilankhulira mpaka igulidwe.

Pa 9 Malichi 2021 a Eveles anagula kapikapu kakale kwa bambo wina wa ku Lilongwe, ndipo anaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira, ife anzawo a mvano tikululutira chapatali ndithu. Wogulitsayo anali wa m'tauni, kumene akuba amamasula matayala galimoto ili pakhomo. Choncho pa tayala lililonse anaikapo nati imodzi yapadera, yosalala kunja, imene sipanala wamba saigwira. Imamasuka ndi kachitsulo kakekake, kobulungira, kolemera, kokula ngati chala chachikulu cha kuphazi. Amakatcha kiyi. A Eveles ankakasunga m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo kankatulukamo pokhapokha akapita kokonzetsa tayala.

Mwana wawo Limbani atapeza mbeta ku Chinguluwe, mtsikana dzina lake Tionenji, mabanja awiri anakumana kuti akonze za chinkhoswe. Mayi Dailes, amake a mtsikanayo, alimi a mpunga odziwika kumeneko, anati mwaulemu, “Inu akunyanja musavutike ndi zakudya, ulendo ngwautali. Ife tidzapha mbuzi.”

A Eveles anamva ngati awapeputsa.

“Asewere, mpunga ndi wanu, ndiwo ndi zanga,” anatero pamaso pa ankhoswe onse. “Chambo chachiwisi, chovuulidwa m'mawa momwemo, mlendo aliyense chake. Mbuziyo isiyeni ibereke.”

A Dailes anaisiyadi mbuzi ija.

Tsiku la chinkhoswe, Loweruka pa 14 Okutobala 2023, dzuwa linatuluka litakwiya kale. Limbani ndi ankhoswe anatsogola pa minibasi. Ife tinatsatira ndi nsomba: a Eveles pa chiwongolero atavala chilundu chatsopano ndi duku lalikulu, ine pambali pawo, a Mose kumbuyo pakati pa mabokosi a chambo chothiridwa ayisi. Titadutsa pa Salima, tisanafike pa Khombedza, galimoto inayamba kukokera kumanzere. Tayala lakutsogolo linali litaphwa.

“Zazing'ono izi,” anatero a Eveles. “Bambo a Limbani, tsitsani jeke ndi sipeya.”

A Mose anamasula manati bwinobwino mpaka kutsala yosalala ija. A Eveles anapisa dzanja m'kabokosi ka kutsogolo. Anatulutsa buku la nyimbo, sikelo yakufa, mpeni wotumbulira nsomba. Kiyi munalibe.

“Kachitsulo kobulungira kaja kali kuti?”

A Mose anayamba kuyang'anitsitsa mtengo wa mango umene unali kutsidya kwa msewu.

“Bambo a Limbani, ndikufunsa inu. Mtengowo sunakwere nawo galimoto ino.”

“Kokhala ndi bowo pakati?”

“Komweko.”

“Ndimayesa n'kotayika. Kanali kolemera bwino, chingwe chimalowanso bwino pabowopo. Ndinamangirira ku chingwe cha mbedza kuti chizimira.”

“Ndiye chingwecho chili kunyumba?”

“Kampango anadula. Sabata yatha.”

A Eveles anatseka kabokosi kaja mwamphamvu. Kenako anagwira m'chiuno.

“Nyanja yonse ija miyala yatha? Mwaona, amayi, kiyi wa galimoto yanga ali ndi kampango! Akamasule matayala a bwato!”

“Anali wamkulu kampangoyo,” anatero a Mose chapansipansi, ngati zimenezo zithandiza.

Pansi pa galimoto madzi anali atayamba kudontha kuchokera m'mabokosi. Tonse tinawaona. Ku Chinguluwe mpunga unali pamoto, alendo ali m'njira, mbuzi ikudya msipu mwamtendere. A Eveles anaimitsa wakabaza, n'kukwezapo amuna awo kuti akatenge wokonza matayala pa Khombedza. Ife tinavula zitenje zapamwamba n'kuphimba mabokosi. Foni inalira kawiri, a Dailes akufunsa ngati mafuta ateleke. “Telekani, asewere, tili pafupi,” anayankha a Eveles mokoma, kwinaku akupukuta thukuta ndi nsonga ya duku.

A Mose anabwera ndi Che Bilali, bambo woonda ngati bango, wa kapu yoyera ndi thumba la zitsulo, amene pakamwa pake sipapuma. Anagwada, anaisisita nati ija, n'kuseka.

“Wallahi, za anthu a m'tauni izi. Amatsekera akuba, n'kudzitsekeranso okha. Kiyi ali kuti, mayi?”

“Afunseni achimwene anuwo. Anakapereka mphatso kunyanja.”

“Basi, musawakalipire, nsomba nazonso zimafuna chitukuko. Ikanakhala pa shedi panga, ndikanawotcherera nati ina pamwamba pake, n'kumasulira imeneyo. Koma makina ali uko, galimoto ili kuno, magetsinso anathima m'mawa. Tiyesa ya nkhanza.”

Anabwezera kaye manati ena aja n'kuwamanga, akuti kuti yokanayo ipepukidwe, natsitsa jeke kuti tayala ligunde pansi. Kenako anasankha soketi, chitsulo chobowoka chovala pamutu pa nati, yocheperako pang'ono kuposa natiyo, yakuti singalowe mwaufulu, n'kuyamba kuikhomerera ndi hamala. Yoyamba inang'aluka. Che Bilali anaiyang'ana ngati mwana wamwalira, n'kutulutsa ina.

“Iyi ndi yomaliza, mayi. Ikasweka, chinkhoswe tichitira pompano, alendo muwaitanitse.”

“Khomani, Che Bilali, pakamwapo mupume.”

Anakhoma mosamala, mbali iyi, mbali iyo, mpaka soketi inaluma chitsulo n'kukhazikika. Analowetsa chogwirira, n'kuchiwonjezera ndi paipi yaitali. Anakanikiza ndi manja, osatheka. Anakwerapo ndi miyendo yonse iwiri n'kumadumphadumpha, paipi ikungomunyamula ngati mbalame yatera pa nthambi. A Mose anayesa nawonso, koma anthu awiriwo kuwaphatikiza sangakwane thumba la mpunga.

“Kudumpha ayi,” anatero Che Bilali akupuma mwawefuwefu, ngati wodumpha uja sanali iye. “Soketi ingavuke. Pakufunika kulemera kodekha.”

Anatero akuyang'ana kumwamba. A Mose anayang'ana pansi. Panalibe mwamuna wolimba mtima woti amalize mawuwo.

“Nenani, musaope,” anatero a Eveles. “Thupi ili ndinalipeza ndi ndalama zanga.”

Anavula nsapato zachinkhoswe n'kundipatsira, anakwinya chilundu, anagwira phewa la amuna awo ngati ndodo, n'kuponda paipi ndi phazi limodzi, kenako linalo. Kanthawi ndithu sipanachitike kanthu. Kenako kunamveka kulira kwa chitsulo, kwiii, paipi n'kutsika nawo pang'onopang'ono mpaka pansi.

“Alhamdulillah!” anakuwa Che Bilali. “Mayi, ntchito ya nsomba isiyeni, tizigwira limodzi pa shedi!”

Sipeya analowa msangamsanga, a Eveles akuthandiza kumanga manati ndi manja awo. Nati ija inatsala yokanirira m'soketi, ndipo Che Bilali anati akaitulutsa kwawo ndi msomali waukulu. Anachenjezanso kuti pa matayala enawo zilipo zinzake, abwere ndi galimotoyo magetsi akayaka. A Eveles anayendetsa galimoto osavala nsapato, maso ali pa msewu.

Tinafika ku Chinguluwe alendo atakhala kale pansi, achinyamata akuvina kuti anthu aiwale njala. Galimoto inazungulira kuseri, kumene amayi ankaphikira. A Dailes anabwera okha, osamwetulira, n'kuvundukula bokosi loyamba. Ayisi yense anali atasungunuka, madzi apamwamba atafunda. Anatenga chambo chapamwamba, anachidina ndi chala, anatsegula makha ake n'kununkhiza. Anachiika pambali. Chachiwiri chimodzimodzi. A Eveles anaima chilili, manja ali bii ndi girizi, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akudikira kuti munthu wina ayambe kulankhula.

A Dailes anapisa mkono mpaka pansi pa bokosi, pamene madzi anali akadali ozizira, n'kuvuula china. Makha ake anali ofiira ngati a nsomba yongovuulidwa kumene. Anatulutsa chinanso, chofiiranso.

“Zapamwambazi zafooka, ziwiri zitatu, tiwapatsa agalu asatisokoneze,” anatero. “Zinazi zili moyo. Amayi, mipeni! Mafuta aja akhala akutidikira.”

A Eveles anapuma mpweya wautali, n'kutambasula dzanja kuti atenge mpeni nawonso. A Dailes analigwira dzanjalo, analitembenuza, n'kuyang'ana girizi.

“Inu ayi, asewere. Manja awa asakhudze ndiwo zanga. Kasambeni, muvale nsapato, mukakhale kutsogolo. Mwana wanu wakhala akusuzumira kumsewu kuyambira m'mawa.”